Petunia wa mu Novembala, zinnia wa mu Meyi

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Chilenje mu Lusaka: "Ndimakhala m'nyumba ya lendi yokhala ndi kabwalo kakang'ono kumaso. Mvula itayamba mu Novembala ndinagula mbande za petunia ndi pansy kwa ogulitsa a m'mbali mwa msewu, zili kale ndi maluwa. Pofika Januwale zonse zinali zitawola. Mu Meyi ndinafesa zinnia ndi sweet pea za m'mapaketi amene mwana wanga ananditumizira kuchokera ku England. Zinnia anapinimbira, masamba n'kuyera mbuu. Sweet pea anayanga mpanda wonse koma duwa ngakhale limodzi ayi. Chonsecho kwa aneba marigold amangodzimerera yekha pafupi ndi dzala. Kodi vuto ndi dothi, madzi, kapena dzanja langa?"

Amayi, dzanja lanu musalinamizire. Dothi ndi madzi a mu Lusaka zili ndi zovuta zake, ndipo tifikako, koma chimene chinapha maluwa anu ndi mwezi wobzalira. Petunia ndi pansy munawabzala pa nthawi ya zinnia, zinnia n'kumufesa pa nthawi ya petunia. Mukanangowasinthanitsa, mbewu zomwezo, pabwalo lomwelo, bwenzi anthu odutsa akuima pampanda kukufunsani kumene munagula. Sweet pea yekha ndiye ali ndi mlandu wakewake.

Maluwa mwatchulawa kuno timawalima a nyengo imodzi: amamera, kuchita maluwa, kubereka njere, kenako n'kutha, zonse m'miyezi inayi kapena isanu. Sangapirire kuti nyengo yoipa idutse monga amachitira bougainvillea kapena hibiscus, amene angayoyole masamba mu Okutobala n'kudzaphukanso mvula ikagwa. Mukaphonya mwezi wofesa, ndiye kuti chaka chimenecho chapita.

Mzinda wathu uli pamtunda, mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo chifukwa cha chimenecho tili ndi nyengo ziwiri zolima maluwa otere. Yoyamba ndi dzinja, Novembala mpaka Malichi, pamene timalandira mvula yokwana mamilimita 800 kapena kuposerapo pang'ono, yambiri ikugwa mu Disembala, Januwale ndi Febuluwale. Iyi ndi nyengo ya zinnia, marigold, cosmos, mpendadzuwa, celosia, gomphrena ndi balsam. Atatu oyambawo kwawo ndi ku Mexico, komwenso mvula imagwa m'miyezi yotentha, motero akafika kuno sadabwa kanthu. Yachiwiri ndi yozizira, Meyi mpaka Ogasiti: mvula kulibe, masana dzuwa lili ngwee koma losawotcha, ndipo usiku wa mu Juni ndi Julayi kumazizira mpaka madigiri 10 kapena kutsikirapo. Iyi ndiyo ya pansy, viola, petunia, snapdragon, alyssum, calendula, dianthus, phlox ndi sweet pea. Pakati pake pali Sepitembala ndi Okutobala, miyezi ya fumbi ndi kutentha kopitirira madigiri 30, imene imamaliza maluwa a nyengo yozizira mmodzimmodzi.

Pansy ndiye amayamba kugonja. Kukatentha usana ndi usiku amatalika mowonda, maluwa n'kuchepa msinkhu, kenako amangofota osadzukanso ngakhale mumuthirire. Petunia kutentha sakuopa kwenikweni, ndipo mu Okutobala, jacaranda atamasula m'misewu ya ku Ridgeway, petunia wothiriridwa bwino amakhala akadali pa ulemerero wake. Chimene chimamupha ndi mvula. Gwirani tsamba lake mumve: ndi lofewa, laubweya, lomatamata. Duwa lake ndi lopyapyala kwambiri, mvula yamphamvu ya usiku umodzi imalisiya lili phwetere, litamatirira pamasamba. Pamene lamatirirapo pamayamba nkhungu yotuwa, imene imatsika ndi nthambi mpaka patsinde. Pansi napo mizu imakhala ili m'madzi masiku angapo, osapuma. Lusaka ndi wachidikha, ndipo mu Januwale ndi Febuluwale madzi a pansi amakwera kwambiri. A ku Kanyama amawaona akulowa m'nyumba, inu a ku Chilenje mumawaona maluwa anu akamawola mizu.

Palinso china chimene ogulitsa sanganene, poti nawonso akufuna ya ndiwo. Petunia ndi pansy amene ali m'timatumba takuda mu Novembala, ali ndi maluwa thoo, kawirikawiri amakhala otsala a nyengo yozizira. Anafesedwa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi m'mbuyomo, akalamba, ndipo mizu yawo yazungulirazungulira m'kathumba mpaka kusowa kopita. Munagula maluwa amene ntchito yawo anali atatsiriza kale. Pogula mbande, lambalalani zokongola kwambirizo, sankhani yaifupi, yonenepa tsinde, ya masamba obiriwira bwino, imene maluwa ake sanamasule kapena lamasula limodzi lokha loti muone mtundu. Pemphani wogulitsayo ang'ambe kathumba kamodzi. Mizu yabwino imakhala yoyera, yofalikira m'dothi monse. Ikakhala yofiirira, yolukana pansi, isiyeni. Onaninso dothi lake. Ambiri amadzaza timatumba ndi dothi lakuda la kudambo limene amabweretsa a matipa. Likanyowa limaoneka lachonde, koma likauma limalimba gwa, ndipo mukalikwirira chonchobe m'bedi, mizu imakhala momwemo osatuluka. Lifinyeni pang'ono ndi zala kuti lisweke m'mbali musanawokere.

Tsono nthawi yake ndi iti? Maluwa a nyengo yozizira amafesedwa pa nazale kuyambira pakati pa Malichi mpaka kumapeto kwa Epulo, mvula ikamatsazika. Amawokeredwa kumapeto kwa Epulo ndi mu Meyi, n'kuchita maluwa kuyambira Juni mpaka Sepitembala. Pansy musafulumire naye, dikirani Epulo, chifukwa njere zake sizimera bwino dothi likakhala lofunda, ndipo zimafuna kukwiriridwa pang'ono kuti zikhale mumdima. Ngati kufesa nokha kukuvutani, gulani mbande mu Meyi, pamenepo zimakhala zazing'ono ndi zatsopano.

Kufesa petunia ndi kumene anthu ambiri amagwa nako ulesi, ndiye ndikhalepo pang'ono. Njere zake ndi zazing'ono zedi, mu galamu imodzi mumakhala pafupifupi 10,000, moti mukatsegula paketi pamphepo mutsala ndi pepala lokha. Tengani beseni lakale lobowola pansi, mudzazemo dothi losefa losakaniza ndi mchenga wa kumtsinje ndi manyowa owolerana bwino. Thirani madzi owira pamwamba pake, lisiyeni lizizire usiku wonse. Madzi otenthawo amapha tizilombo ta m'dothi ndi njere za udzu. M'mawa sakanizani njerezo ndi kamchenga kouma ka pasupuni imodzi, muwaze pamwamba, n'kusindikiza pang'ono ndi chikhatho. Musakwirire. Petunia, snapdragon, alyssum ndi lobelia amafuna kuwala kuti amere, ndipo ambiri amene amati anagula mbewu zabodza amakhala atazikwirira monga akwiririra nyemba. Kuthirira kwake n'kochokera pansi: ikani besenilo m'beseni lina la madzi mpaka pamwamba pachite chinyezi, kenako mulichotse. Vundikirani ndi pulasitiki yoonekera, muike pakhonde powala koma posafika dzuwa la masana. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri mudzaona timadontho tobiriwira, ndipo tsiku lomwelo chotsani pulasitiki.

Apa ndi pamene imabwera imfa ya pa nazale. Dzulo madzulo mbande zinali chilili, lero m'mawa kagulu kena kagona pansi. Mukanyamula kamodzi mudzaona kuti pamene tsinde likhudza dothi pafinyika, pawonda ngati ulusi, pali pamadzimadzi. Ndi nkhungu ya m'dothi imeneyo, ndipo imakonda mbande zothinana, zonyowa usiku, zosapitidwa mphepo. Zogwazo sizidzukanso. Zichotseni pamodzi ndi dothi lake, lekani kuthirira madzulo, patulirani zotsalazo.

Sweet pea wanu munamufesa mochedwa pang'ono, koma ngakhale mukanafesa mu Epulo, ndikukayika ngati mukanathyola maluwa ambiri. Vuto ndi kutalika kwa tsiku. Mitundu yambiri imene imagulitsidwa ku England, makamaka imene amaitcha Spencer, imadikira kuti masana atalike kupitirira maola 12 isanayambe kuchita maluwa, ndipo kumeneko m'miyezi yawo yofunda masana amafika maola 16 kukadali kozizirira bwino. Ife tili pa madigiri 15 kumwera kwa equator. Tsiku lathu lalifupi kwambiri, la mu Juni, lili ndi maola 11 ndi mphindi zochepa, ndipo lalitali kwambiri silipitirira maola 13 kwenikweni. Maola 12 timawafika mu Sepitembala, pamene kutentha kwayamba kale kuwaula masamba. Ndiye chomeracho chimangoyanga, kudikira tsiku lalitali, likamafika icho chikufa. Ngati munathiranso urea kapena manyowa a nkhuku, munangowonjezera masamba, pakuti sweet pea ndi wa banja la nyemba, nayitirojeni amadzipezera yekha kudzera m'mizu.

Sweet pea amachita bwino mu Lusaka ngati mwapeza mitundu imene imachita maluwa tsiku lili lalifupi. Pa paketi pamalembedwa kuti winter flowering kapena early multiflora, ndipo mapaketi ochokera ku South Africa nthawi zambiri amakhala a mtundu umenewo. Fesani kumapeto kwa Malichi kapena kumayambiriro kwa Epulo, pamalo pomwe adzakulire, chifukwa kuwokera sakufuna. Kumbani ngalande yakuya mpaka m'bondo, muikemo manyowa owolerana pansi, njere muziviike m'madzi usiku umodzi. Akayamba kumasula, muzithyola maluwa masiku awiri kapena atatu alionse. Mukangosiya kuti apange zikhokhombe, amaleka. Ndipo ngati pakhomo pali ana, muwauze kuti zikhokhombezo si nsawawa. Njere zake si zodya, zili ndi poizoni.

Zinnia nkhani yake ndi yaifupi. Amafuna dothi lofunda kuti amere ndi kuthamanga, ndipo usiku wa mu Juni umamuimitsa. Zoyera munaona pamasambazo ndi matenda a nkhungu amene amakonda masana ouma ndi usiku wozizira wa mame, ndendende nyengo yathu ya Meyi mpaka Julayi. Paketi ya ku England inakuuzani kufesa mu Epulo kapena Meyi chifukwa kumeneko ndi pamene kukuyamba kufunda. Kuno mufeseni mvula ikakhazikika, kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, mwachindunji m'bedi, njere ziwiri paphando, mapando atalikirane masentimita 30. Pakatha miyezi iwiri mukhala mukudula maluwa oika patebulo. Fesaninso ena mu Januwale kuti mudzakhale nawo mpaka Epulo. M'dzinja masamba a m'munsi amachita mawanga ofiirira. Athotholeni, ndipo musathinitse mbewu kuti mphepo izidutsa. Mitundu yaifupi yotchedwa Profusion ndi Zahara imapirira matenda onse awiriwa kuposa zinnia wamtali wa maluwa akuluakulu, mukaipeza musaisiye.

Marigold wa anebayo akukuposani chifukwa palibe amamusankhira mwezi. Njere zinagwa chaka chatha, zinagona m'dothi chilimwe chonse, n'kumera pamene chinyezi ndi kufunda zinakwanira. Padzala pali chonde chokwanira, ndipo madzi saima. Chomera chongodzimerera chimakuphunzitsani kalendala kwaulere: mukaona marigold, cosmos kapena balsam akutuluka okha m'mphepete mwa mpanda, dziwani kuti nthawi yofesa anzawo yakwana. Kapempheni maluwa ouma angapo kwa anebawo, muwafikise m'manja, mupeza njere zazitali zakuda zokwanira bwalo lonse. Marigold wamfupi alinso ndi phindu lina. Ngati munalimapo tomato kapena therere n'kupeza mizu yotupa mfundomfundo, m'dothimo muli timinyongolotsi tosaoneka ndi maso, ndipo petunia, amene ndi wa banja limodzi ndi tomato ndi fodya, timamugwiranso. Kudzaza bedi lonse ndi marigold wothinana kwa miyezi iwiri kapena itatu ya dzinja kumatichepetsa, kenako mu Meyi n'kuikamo petunia. Kubzala marigold mmodzi apa wina apo sikuthandiza kanthu pa zimenezi, ngakhale anthu amakonda kunena choncho.

Cosmos ali ndi kakhalidwe kake. Mitundu yambiri imachita maluwa usiku ukayamba kutalika, choncho mukamufesa mu Novembala m'dothi lachonde amangokula, kupitirira msinkhu wa munthu, n'kugwa ndi mphepo ya mvula asanamasule. Mufeseni mu Januwale, pamalo osathira feteleza, mudzasangalala naye mu Malichi ndi Epulo. Koma tchire lija la maluwa achikasu ooneka ngati timpendadzuwa, limene limadzaza m'mbali mwa misewu ndi m'mapuloti osamangidwa mvula ikatha, musalitengere kunyumba. Nalonso linachokera ku Mexico, ndipo likalowa pabwalo kulichotsa ndi ntchito ya zaka.

Tsopano madzi. Lusaka anamangidwa pamwamba pa mwala wa laimu, womwewo umene unachititsa kuti fakitale ya simenti imangidwe ku Chilanga mu 1949. Madzi ambiri a m'zitsime zakuya za mumzinda muno amadutsa m'mwala umenewu, ndipo umboni wake uli m'ketulo yanu, zoyera zija zimakakamira pansi. M'dzinja mvula imatsuka dothi, koma maluwa a nyengo yozizira amamwa madzi a laimu okhaokha kwa miyezi isanu, ndipo m'miphika laimuyo amaunjikana msanga. Petunia, pansy, snapdragon ndi vinca amakonda dothi lowawasira pang'ono, la pH (muyeso wa kuwawasa kwa dothi) ya pakati pa 5.5 ndi 6.2. Laimu akachuluka, maluwawa amalephera kuyamwa ayironi ngakhale ali m'dothimo. Chizindikiro chake n'chosasokoneza: masamba a kunsonga, atsopanowo, amachita chikasu koma mitsempha yake ikadali yobiriwira, pamene masamba akale a m'munsi ali bwinobwino. Njala ya nayitirojeni imayambira pansi kukwera. Iyi imayambira kunsonga. Ambiri akaona chikasu amathamangira kuthira phulusa, n'kukulitsa vutolo, pakuti phulusa limagwira ntchito ngati laimu yemweyo. Chothandiza ndi manyowa a masamba owolerana ambiri, madzi a mvula ngati munasungako mu dilamu, ndi mankhwala a ayironi otchedwa iron chelate amene amapezeka m'masitolo a zaulimi. Marigold ndi zinnia madzi amenewa sawavuta kwambiri, n'chifukwa china chimene amaonekera osavuta kulima kuno.

Kuchuluka kwa madzi nako tiwerengere, chifukwa apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi amene amalimbikitsa aliyense kudzaza bwalo ndi pansy. Bedi la mita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi limafuna malita 20 mpaka 25 pa sabata m'miyezi yozizira, ndipo mu Okutobala pafupifupi kuwirikiza kawiri. Kabedi ka mamita atatu ndi awiri ndiye kuti zigubu za malita 20 zisanu ndi chimodzi mpaka zisanu ndi ziwiri ndi theka sabata iliyonse, kuyambira Meyi mpaka mvula. Tonse tikukumbukira 2024, chilala chitalengezedwa kuti ndi ngozi yogwera dziko mu Febuluwale, madzi atatsika ku Kariba, magetsi akuzima maola ambiri patsiku, mapampu ali zii. Mabedi ambiri a maluwa anauma chaka chimenecho, ndipo palibe akanadzudzula mayi wosankha kuphikira ana m'malo mothirira petunia. Ngati pampopi panu madzi amabwera mwa apo ndi apo, langizo langa ndi lakuti bedi lalikulu mulipereke kwa maluwa a dzinja, amene amathiriridwa ndi mvula, ndipo a nyengo yozizira muwaike m'miphika isanu kapena isanu ndi umodzi pafupi ndi khomo. Poti nyumbayo ndi ya lendi, miphika ili ndi ubwino winanso, mukamasamuka imakwera nawo galimoto. Ndowa zakale zobowola pansi zimakwana, bola mabowo akhale ambiri, ndipo muziike pa njerwa kuti madzi azituluka.

Thirirani m'mawa, patsinde, mokwanira kuti madzi alowe pansi, kawiri kapena katatu pa sabata m'malo mowaza pang'onopang'ono tsiku lililonse. Madzi otsukuluzira ndiwo zamasamba ndi mpunga ndi abwino. A sopo waufa wochapira ayi, ali ndi mchere umene umawononga dothi ndi kuwonjezera vuto la laimu lija. Phimbirani bedi ndi udzu wouma, koma usakhudze tsinde, ndipo muziuvundukula nthawi ndi nthawi kuona ngati chiswe chalowa. Mphepo ya mu Ogasiti imaumitsa miphika tsiku limodzi, pamenepo muziyang'ana m'mawa ndi madzulo.

Za Sepitembala ndi Okutobala, pamene zonse zikupsa, pali atatu amene samakhumudwitsa munthu: portulaca, vinca ndi gomphrena. Portulaca amakwawa pansi, masamba ake ndi onenepa osunga madzi, amamasula dzuwa likakwera n'kutseka madzulo, ndipo kanthambi kothyola kwa mnzanu mukakazika m'dothi kamagwira. Vinca, wa ku Madagascar, mumamuona akumera ngakhale m'ming'alu ya simenti. Onsewa mvula yambiri sagwirizana nayo ngati madzi akuima, ndiye apatseni malo okwera.

Pa feteleza anthu amalakwa mochulutsa, osati mochepetsa. D compound yemwe timabzalira chimanga, wolembedwa 10:20:10 pathumba, ndi wokwanira: dzanja limodzi pa mita imodzi ya bedi, kusakaniza ndi dothi sabata imodzi musanawokere. Urea musiyireni chimanga ndi repu, pamaluwa amabweretsa masamba ndi nsabwe. Manyowa a nkhuku osakanikirana ndi utuchi, amene amagulitsidwa m'matumba, ayambe aunjikidwa ndi kuthiriridwa miyezi iwiri kapena itatu mpaka fungo litatha. Aawisi amawotcha mizu ndipo utuchi wosawola umaitana chiswe. M'dzinja kwezani bedi masentimita 15 kapena 20 kuti madzi azitsika. M'chilimwe likhale lathyathyathya, kapena lolowa pang'ono, kuti madzi asathawe.

Adani ena mudzakumana nawo ndithu. Mukapeza mbande yadulidwa patsinde usiku, fukulani ndi chala pafupi pomwepo, mupeza mphutsi yotuwa itadzipinda. Dulani botolo la pulasitiki mupange mphete, muzike mozungulira mbande iliyonse kwa masabata atatu oyamba. Nkhono zimadya marigold ndi zinnia wamng'ono m'dzinja, zitoleni usiku ndi tochi. Nsabwe zimabwera mu Ogasiti pansonga za snapdragon ndi calendula, ndipo madzi osungunulamo sopo wamtanda pang'ono, kupopera madzulo, amazithetsa. Akangaude ofiira, omwe aja a tomato, amafika ndi kutentha kwa Sepitembala; masamba amachita timadontho totuwa, kunsi kwake kuli ukonde wopyapyala. Akafika pamenepo nyengo ya chomeracho imakhala yatha kale, chizuleni m'malo mowononga ndalama pa mankhwala.

Kusunga mbewu kumayenda bwino ndi marigold, zinnia, cosmos, calendula, balsam ndi gomphrena. Dikirani duwa liume pamtengo, mulithyole masana kuli dzuwa, njere muziike mu envelopu ya pepala, envelopuyo m'botolo lotseka bwino, ndipo mulembepo dzina ndi mwezi. Koma paketi ikalembedwa F1, kutanthauza mbewu ya haibulidi, monga amakhalira petunia ndi pansy ambiri, ana ake safanana ndi kholo. Petunia wofiira wa maluwa akuluakulu amabereka ana a maluwa ang'onoang'ono ofiirira motuwa, ndipo chaka chilichonse amabwerera m'mbuyo. Ena amawakonda choncho chifukwa amakhala olimba ndi onunkhira madzulo, bola mudziwiretu. Pogula mapaketi onani deti, ndipo pewani amene apachikidwa padzuwa pawindo la sitolo, makamaka a pansy, amene njere zake sizikhalitsa.

Njere za zinnia zimene zatsala m'paketi ya mwana wanuyo zisungeni pozizira mpaka Novembala, zidzamera. Za sweet pea musavutike nazonso. Mumuuzenso mwanayo kuti kulowetsa mbewu m'dziko kumafuna chilolezo cha a nthambi yoona za matenda a zomera, amene ali ku Mount Makulu ku Chilanga, ndipo mbewu zoyenera nyengo yathu zimapezeka m'masitolo a mu Lusaka momwemuno. Chionetsero cha zaulimi cha ku Showgrounds chimachitika kumapeto kwa Julayi ndi kumayambiriro kwa Ogasiti, pamene maluwa a nyengo yozizira ali pachimake. Mukapitako tengani kabuku, mulembe maina a amene akusangalatsani, ndipo pa lililonse muwerengere chammbuyo miyezi itatu kapena inayi kuti mupeze mwezi wofesera.